Magazini ya nyimbo za mzinda umodzi: zimene zidachitika ku Liverpool mu 1961

Funso lachokera kwa wowerenga wina wa ku Zomba: "Ine ndi anzanga awiri tikufuna kuyambitsa magazini yolemba za oyimba a kuno ku Zomba ndi madera oyandikana nawo basi. Aliyense amene tamuuza akuti tikutaya nthawi, ati magazini ya tauni imodzi singakule poti oyimba odziwika onse ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kodi idakhalapo magazini ya nyimbo za dera limodzi imene idakula? Idakula bwanji, nanga idathera pati?"

Achimwene, idakhalapo. Imene ndikusimbireni ndi Mersey Beat ya mumzinda wa Liverpool ku England, yomwe idatuluka koyamba mu 1961 ndipo siidakwanitse n'komwe zaka zinayi ili ndi dzina limeneli. Ena angakuuzeni kuti imeneyo idali nyuzipepala, poti inkasindikizidwa papepala lotchipa la nyuzi n'kumatuluka pakatha masabata awiri aliwonse. Zimenezo zisatitayitse nthawi. Ntchito imene inkagwira ndi yomwe inu mukuifuna: kulemba za oyimba a pakhomo, amene akuluakulu a nyuzi mumzinda waukulu sankawawerengera. Ndaisankha chifukwa mbiri yake ili ndi zonse ziwiri, kukula kodabwitsa ndi imfa yofulumira, ndipo ine ndimaona kuti zonsezo zidachokera pa chinthu chimodzi, ubale wake ndi dera limene idabadwiramo.

Liverpool ndi mzinda wa padoko, uli m'mbali mwa mtsinje wa Mersey kumpoto chakumadzulo kwa England. Chapakati pa zaka za m'ma 1950 achinyamata a ku Britain adatengeka ndi mtundu wa nyimbo wotchedwa skiffle, umene adautchukitsa ndi Lonnie Donegan. Kukoma kwa skiffle kudali koti sinkalira ndalama. Gitala lotchipa limodzi, thabwa lochapirapo zovala m'malo mwa chisekese, ndi besi yopangidwa ndi bokosi la tiyi, mpini wa tsache ndi chingwe chimodzi, basi bandi yakwana. Amene mudaonapo babatoni ndi banjo ya chigubu m'misika ya kwathu kuno mwachiona kale chithunzi chake. Anyamata omwewo atasinkhukirapo adagula magitala a magetsi pangongole yobweza mwezi ndi mwezi n'kuyamba kuyimba rock and roll ya ku America. Pofika 1961 ku Liverpool ndi matauni ouzungulira kudali mabandi mazanamazana, oyimba m'maholo a tchalitchi, m'maholo a khonsolo ngati ya Litherland, ndi m'zipinda za pansi pa nyumba monga Casbah ndi Cavern. Ena, kuphatikizapo The Beatles, ankapita ku Hamburg ku Germany kukayimba m'mabala usiku wonse, n'kubwerako manja atakhwima.

Nanga ankalemba za iwo ndani? Palibe. Nyuzi zikuluzikulu za nyimbo, Melody Maker imene idayamba mu 1926, New Musical Express ya mu 1952, Record Mirror ndi Disc, zonse zidali ku London, ndipo zinkalemba za munthu amene ali ndi chimbale m'sitolo. Mnyamata wodzaza holo Loweruka lililonse koma wopanda chimbale, kwa iwo sadali munthu womulemba. Ngakhale nyuzi ya mumzinda momwemo, Liverpool Echo, inkangolandira ndalama za timalonda ta mizere iwiri itatu tolengeza madansi, n'kumatiika pansi pa mutu wa jazi, chikhalirecho mabandiwo sankayimba jazi. Mawu amene anzanu akukuuzani, oti oyimba enieni ali kwina, ndi omwewo amene munthu wa ku London akadanena za Liverpool chaka chimenecho.

Amene adauona mpata umenewu ndi Bill Harry, mnyamata wobadwa mu 1938 m'banja losauka, yemwe pa nthawiyo ankaphunzira pa sukulu ya zojambulajambula ya Liverpool College of Art. Kumeneko ndi kumene adadziwana ndi John Lennon ndi Stuart Sutcliffe, amene pambuyo pake adakhala oyimba a gulu la The Beatles. Adali atayeserapo kale kukonza timagazini ting'onoting'ono, ndipo poyamba maganizo ake adali pa magazini ya jazi. Koma ankayenda ndi kabuku m'thumba, kulemba mayina a mabandi, anyamata amene akuyimbamo ndi malo amene amayimba, mpaka adaona yekha kuti nkhani yaikulu ili pamphuno pake. Adalembera nyuzi ya Daily Mail kuiuza kuti zimene zikuchitika ku Liverpool zikufanana ndi zimene zidachitika ku New Orleans pamene jazi inkabadwa. Sadamulabadire. Atatopa ndi kugogoda pakhomo pa eni ake, adati bola ayambe yake.

Mpamba wake udali mapaundi 50, ngongole yochokera kwa Jim Anderson, wogwira ntchito m'boma amene adamupeza kudzera mwa mnzake Dick Matthews. Adachita lendi kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya mowa, pa nambala 81a Renshaw Street, mapaundi 5 pa sabata. M'kachipindamo mudali tebulo, mpando ndi taipi imodzi ya Olivetti. Wantchito wa tsiku ndi tsiku adali mmodzi yekha, Virginia Sowry, bwenzi lake amene pambuyo pake adakhala mkazi wake. Mtsikanayo adasiya ntchito yodalirika n'kumalandira mapaundi awiri ndi theka pa sabata. Harry mwiniwake sankadzilipira, ankadyera ndalama ya maphunziro imene ankalandira kusukulu. Lendi yokha ikadameza mpamba wonsewo m'masabata khumi.

Dzina lija musalidumphe. M'Chingerezi mawu oti beat amatanthauza kugunda kwa nyimbo, komanso amatanthauza dera limene wapolisi wapatsidwa kuti aziliyendera. Harry amanena kuti iye ankaganiza tanthauzo lachiwirili. Adadzidulira malire: Liverpool, tsidya la mtsinje ku Birkenhead ndi New Brighton, kumpoto mpaka Southport, ndi matauni ngati Widnes, Warrington ndi St Helens. Za m'kati mwa malire amenewa ndi zake zonse, bandi yaikulu ndi yaing'ono yomwe. Za kunja azilemba ena. Patangopita zaka ziwiri dziko lonse linkatchula nyimbo za ku Liverpool kuti Merseybeat, dzina la kanyuzi litasanduka dzina la mtundu wa nyimbo.

Kope loyamba lidatuluka pa 6 Julayi 1961. Adasindikiza makope 5,000, lililonse pa makobidi atatu, ija agogo athu ankaitcha tiki masiku a mapaundi ndi masheleni, ndipo onse adatha. Koma tiyeni tichite masamu, poti apa ndi pamene ambiri oyamba magazini amadzinamiza. Paundi imodzi idali makobidi 240. Makope 5,000 pa makobidi atatu ndi makobidi 15,000, omwe ndi mapaundi 62 ndi theka. Pamenepo muchotsepo gawo la ogulitsa, muchotsepo za osindikiza, mapaundi 10 a lendi ya masabata awiri ndi mapaundi 5 a Virginia. Chotsala n'chochepa zedi. Ndiye kuti ngakhale nyuzi itagulidwa yonse osatsala kope n'limodzi lomwe, ndalama ya owerenga payokha sikadaiyendetsa. Idayenda ndi otsatsa malonda, ndipo otsatsawo sadali makampani akuluakulu a ku London. Adali Ray McFall mwini wake wa Cavern, anthu okonza madansi m'maholo, ndi masitolo ogulitsa magitala ndi zimbale. Onsewa ankasaka achinyamata omwewo amene ankagula Mersey Beat, ndipo padalibe njira ina yotchipa yowapezera pamodzi. Wokonza dansi akalengeza, holo inkadzaza. Holo ikadzaza, ankabweranso ndi ndalama ya kope lotsatira.

M'kati mwake, chimene chinkagulitsa kwambiri ndi ndandanda wa amene ayimbe kuti ndiponso tsiku liti. Zimaoneka zazing'ono, koma n'zimene zinkachititsa mtsikana wogwira ntchito m'sitolo kutulutsa tiki yake Lachinayi kuti adziwe kopita Loweruka. Mudalinso zithunzi za oyimba ali pantchito, thukuta lili kamukamu, osati zojambulitsa atakhala mwaulemu tayi ili pakhosi. Harry adalibe ndalama yolipira ojambula, ndiye ankasinthana nawo: iwo abweretse zithunzi, iye awalengezere ntchito yawo mwaulere.

Koma chimene chimandigwira mtima ine n'choti adalola anthu a m'bwalo momwemo kulemba. Adapempha Lennon kuti alembe mbiri ya gulu lake, ndipo Lennon adabweretsa timapepala tokhala ndi nthabwala zokhotakhota, zonena kuti dzina la gululo lidachita kubwera ndi munthu wa m'masomphenya. Mkonzi wina akadazitaya kapena kuziwongola. Harry adaziika patsamba lachiwiri la kope loyamba osasintha kalikonse. Lennon adakondwa kwambiri moti adamubweretsera mulu wa ndakatulo, nthano ndi zojambula, n'kukhala ndi danga lake lotchedwa Beatcomber. Bob Wooler, amene ankaulutsa mawu ndi kuika zimbale ku Cavern ndipo ankadziwa bandi iliyonse mpaka mayina a anyamata ake, nayenso adali ndi danga lake. Oyimba ankangotulukira pa ofesi masana kudzacheza, kuyankha foni, kusiya nkhani. Zolakwika zidalipo ndithu. M'kope loyamba lomwelo Harry adaiwala dzina lachiwiri la mtsikana wina woyimba, Cilla White. Ankangokumbukira kuti ndi dzina la mtundu wa utoto, ndiye adalemba kuti Cilla Black. Mtsikanayo adalitenga dzinalo, ndipo ndi limene adatchuka nalo moyo wake wonse.

Pachikuto cha kope loyamba padali chithunzi cha Gene Vincent, woyimba wa ku America amene adadzayimbako ku Liverpool. Kope lachiwiri, la pa 20 Julayi, Harry adapereka tsamba loyamba kwa anyamata a pakhomo, The Beatles, ndi nkhani yoti asayinira kujambula nyimbo ku Hamburg, chithunzi chake chojambulidwa ndi Astrid Kirchherr. Nthawi imeneyo kunja kwa Liverpool ndi Hamburg adalibe mbiri. Kwa ine kope lachiwirili ndiye kubadwa kwenikweni kwa nyuziyo, chifukwa mpamene mkonzi adalimba mtima kunena kuti mwana wa pakhomo ndi woyenera chikuto.

Kagawidwe kake kadali ka miyendo. Makope ena ankadzera kwa ogawa nyuzi akuluakulu ngati W.H. Smith, koma ena Harry ankawanyamula yekha kukasiya kwa ogulitsa nyuzi oposa 20, m'makalabu ndi m'masitolo a nyimbo. Mwa masitolo amenewa mudali NEMS ya mumsewu wa Whitechapel, imene ankayendetsa Brian Epstein, mwana wa eni ake. Epstein adatenga makope 12 a kope loyamba. Adatha msangamsanga, adaitanitsa ena, nawonso adatha. Kope lachiwiri adaitanitsa 144. Munthu wa malonda akaona katundu akuyenda chonchi amafuna adziwe chifukwa chake, ndiye adayamba kumufunsa Harry za mabandi amenewa. Adapemphanso kuti azilemba danga lounika zimbale zatsopano, ndipo lidayamba kutuluka m'kope lachitatu, mu Ogasiti. Pa 9 Novembala 1961 adatsikira ku Cavern masana kukaonera The Beatles, Harry atamukonzera njira, ndipo mu Januwale 1962 adasayinirana nawo kukhala manijala wawo. Epstein pambuyo pake ankasimba kuti adamva za gululi koyamba pamene kasitomala wina adafunsa chimbale chawo m'sitolo mwake. Harry wakhala akutsutsa zimenezo, ndipo ine ndili kumbali yake. Munthu sungagulitse makope 144 a nyuzi, n'kumalembamo iwe mwini, osaona nkhope zimene zili pachikuto. Ndipo taganizani: Harry akadatumiza makope aja ndi munthu waganyu, kucheza kwake ndi Epstein kukadachitika liti? Mkonzi wonyamula yekha mtolo amamva zimene ogulitsa akunena, amaona amene akugula.

Kumapeto kwa 1961 adayambitsa mpikisano woti owerenga asankhe bandi yoposa zonse, podula kapepala m'nyuzimo n'kutumiza. Nzeru yake njoonekeratu: wofuna kuvota kawiri agule makope awiri. Zotsatira zidatuluka pa 4 Januwale 1962, The Beatles patsogolo, Gerry and the Pacemakers pambuyo pawo. Harry adasimba yekha kuti powerenga koyamba amene adatsogola ndi Rory Storm and the Hurricanes, koma adapeza mavoti 40 olembedwa ndi dzanja limodzi, inki yake yobiriwira, ochokera dera limodzi, ndiye adawataya. Chimene sadadziwe n'choti anyamata a The Beatles nawonso adagula mulu wa makope n'kudzivotera okha. Nkhaniyi anthu amaisimba moseka, koma ine siindiseketsa kwenikweni. Epstein adagwiritsa ntchito chipambano chimenecho potsatsa gulu lake, pamene Rory Storm, mwini gulu limene Ringo Starr ankayimbamo ng'oma asanapite ku The Beatles, sadapite patali. Sindikunena kuti mavoti ndiwo adagamula zonsezo, luso lidasiyana. Ndikunena kuti kanyuzi ka m'dera kakayamba kumveka, cholembera cha mkonzi chimalemera kuposa mmene iye mwini akuganizira. Mabandi ena ankadandaula kuti nyuziyo ingosintha dzina ikhale Mersey Beatle, ndipo dandaulo lawo lidali ndi mutu, poti mkonzi adali mnzake wa Lennon wa kusukulu. Ku Zomba nanunso mudzakhala ndi anzanu pakati pa oyimba, ndipo amene simucheza nawo adzakhala akuwerenga mizere imene mwapatsa aliyense.

The Beatles adatulutsa chimbale chawo choyamba ndi kampani ya Parlophone mu Okutobala 1962, ndipo mu 1963 zinthu zidasinthiratu. Gerry and the Pacemakers adafika pa nambala wani ndi nyimbo zawo zitatu zoyambirira motsatizana, The Searchers ndi Billy J. Kramer nawonso adafika pamwamba, ndipo makampani a ku London amene dzana ankanyoza adayamba kukwera sitima kupita ku Liverpool kukasaka mabandi. Atolankhani ambiri akunja akafika mumzindamo ankadzera ku Renshaw Street, chifukwa kumeneko ndi kumene kudali mayina, zithunzi ndi mbiri. Mersey Beat idayamba kulembanso za mabandi a ku Manchester, Birmingham, Sheffield ndi Newcastle, ndipo makope adakwera kufika pa 75,000. Uku ndi kuchulukitsa ka 15 makope a tsiku loyamba lija. Funso lanu loti magazini ya dera limodzi ingakule layankhidwa pamenepa.

Koma walira mvula walira matope. Kutchuka komweko kudayamba kukokolola nthaka imene nyuziyo idamerapo. The Beatles adayimba komaliza ku Cavern pa 3 Ogasiti 1963, atayimbako pafupifupi ka 300. Adasamukira ku London, ndipo mu 1964 Epstein adasamutsiranso ofesi yake kumeneko. Oyimba amene ankabwera kudzacheza pa ofesi masana tsopano adali paulendo, ena kunja kwa dziko. Nkhani zawo zidayamba kutulukira ku London, m'nyuzi za ndalama zambiri, zolembedwa ndi atolankhani okwera nawo ndege. Mersey Beat idatsala ndi njira ziwiri: kubwerera kwa anyamata atsopano a m'maholo n'kuvomera kuti makope atsika, kapena kukalimbana ndi Melody Maker ndi New Musical Express pabwalo pawo.

Idatenga njira yachiwiri. Mu 1964 Epstein adalowamo ndi cholinga choti ikhale nyuzi ya dziko lonse, ndipo dzina lidasintha kukhala Music Echo. Adalonjeza Harry kuti zolembedwa zonse aziyang'anira ndi iyeyo. Sipadapite nthawi, Epstein adayamba kulemba ntchito anthu a ku London oti azilemba za mafashoni ndi timiseche ta anthu otchuka, mkonzi osauzidwa. Harry adatula pansi udindo. Music Echo idalowa m'mavuto a zachuma, ndipo mu 1966 idaphatikizidwa ndi Disc kukhala Disc and Music Echo. Harry adapita ku London kumene adakagwira ntchito yofalitsa mbiri ya oyimba monga Pink Floyd, Led Zeppelin ndi David Bowie.

Sindikufuna mumuone Epstein ngati munthu woipa. Popanda iye mwina ambiri mwa oyimba aja sakadatuluka m'Liverpool. Koma adali manijala wa The Beatles, Gerry and the Pacemakers, Cilla Black ndi Billy J. Kramer, ndipo ntchito ya munthu wotere ndi kukometsa oyimba ake, pamene ntchito ya mkonzi ndi kulemba zimene waona. Chizindikiro chidaoneka kale atangoyamba kuyang'anira The Beatles, pamene Lennon adapita kwa Harry kukatenganso zithunzi zina za ku Hamburg zimene adali atapereka, chifukwa manijala watsopanoyo sankafuna kuti anthu aziona anyamata ake akuchita zachibwana papulatifomu. Akuluakulu adati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo kwa magazini phukusi limenelo ndi mphamvu yosankha cholowa ndi chosalowa.

Ndidaziona ndi maso angawa kuno kwathu. Zaka zapitazo ndidathandizako kamagazini kena ka zisangalalo kamene kankavutika kulipira osindikiza. Munthu wina wa ndalama, amene adalinso ndi oyimba ake, adalonjeza kutisenzera mtolo umenewo. Mwezi woyamba tidapuma. Mwezi wachiwiri adapempha chikuto. Wachitatu adatiuza kuti nkhani ya bandi ina, yopikisana ndi yake, idikire kaye. Oyimba ena atazindikira adasiya kutipatsa nkhani, owerenga adasiya kugula, ndipo iyenso ataona kuti palibe akuwerenga adabweza dzanja. Mpaka lero zimandiwawa, makamaka ndikakumbukira nkhani ya bandi ija, imene siidatuluke kwina kulikonse.

Tsopano tibwere ku Zomba. Si zonse za mu 1961 zimene mungatengere. Ndandanda wa madansi umene unkagulitsa Mersey Beat lero uli pa WhatsApp ndi pa Facebook, waulere, ndipo umafika tsiku lomwelo. Pepala ndi inki n'zodula, poti n'zoitanitsa kunja. Choncho sindingakulangizeni kuyamba ndi ngongole ya makope zikwizikwi. Mukhoza kuyambira pa intaneti, magazini yoyenda pafoni, n'kumasindikiza makope ochepa pakakhala zochitika zazikulu. Musawerengerenso kuti m'Chinamwali kapena m'Matawale mutuluka gulu logwedeza dziko lonse lapansi. Zija sizichitikachitika. Ku Birmingham kudabadwa Midland Beat mu 1963, motengera ya ku Liverpool, mumzinda wa oyimba aluso ambiri, koma siidafike pomwe idafika inzakeyo.

Chimene sichidasinthe ndi njala ya munthu woti alembe n'kusunga. Lero aliyense wofufuza mbiri ya nyimbo za ku Liverpool za nthawi imeneyo amatsegula masamba a Mersey Beat, ndipo alipo mabandi ambiri amene sadajambule chimbale n'chimodzi chomwe, amene mayina ndi nkhope zawo zidatsala m'masamba amenewo. Kwathu kuno, taonani Chileka. Zambiri zolembedwa za Daniel ndi Donald Kachamba tili nazo chifukwa cha Gerhard Kubik wa ku Austria, amene adakumana nawo mu 1967, ndi Moya Malamusi amene adagwira naye ntchito zaka zambiri. Taonani Balaka, kumene Paul Banda ndi Alleluya Band adayala maziko a kayimbidwe kamene kadadzaza makaseti m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990. Zambiri za masiku oyambirira amenewo timazimvera pakamwa, ndipo eni pakamwawo akutha mmodzimmodzi. Kwanu komweko, nyimbo za akaidi ndi asilikali a ndende ya Zomba zidafika mpaka pa mndandanda wa opikisana pa mphoto za Grammy mu 2016, atazijambula Ian Brennan wa ku America. Nyimbozo zinkayimbidwa m'tauni mwanu momwemo mlendoyo asanafike. Amene akuti ku Zomba kulibe zolemba sadafufuze.

Dulani malire anu ngati mmene adachitira Harry. Mwina kuyambira ku Thondwe mpaka ku Malosa, kutsikira ku Jali ndi ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, inu ndi amene mukudziwa kumene miyendo yanu ingafike. M'kati mwa malirewo musasankhe. Makwaya a m'matchalitchi, oyimba kaswida, ophunzira a pa yunivesite, anyamata ojambula nyimbo m'situdiyo za chipinda chimodzi, agogo a banjo pamsika, magulu a beni ndi manganje, onsewo ndi anu. Otsatsa malonda musawafune kutali. Eni maholo a maukwati, obwereketsa zokuzira mawu, eni situdiyo, ojambula makanema a nyimbo, osoka mayunifolomu a kwaya, awa ndiwo a McFall anu. Ndi bwino kukhala ndi khumi opereka pang'onopang'ono kusiyana ndi mmodzi wopereka zonse, chifukwa mmodzi mwa khumi akakwiya n'kuchoka magazini imatulukabe.

Inu atatu mukhale pansi ndalama isanabwere, mulembe papepala amene ali ndi mawu omaliza pa zolowa m'magazini, ndipo mugwirizane kuti wina mwa inu akadzayamba kuyang'anira woyimba, asakhudzenso nkhani za woyimbayo. Mpikisano wa mavoti muchedwe nawo, ndipo mukadzauchita malamulo ake alengezedwe mavoti asanayambe. Dzina la woyimba aliyense mumufunse yekha kalembedwe kake. Chithunzi chilichonse chikhale ndi tsiku, malo ndi mayina a onse amene ali pamenepo, mpaka woyimba ng'oma wa kumbuyo uja. Muli ndi mwayi umene anzanu a m'mizinda ina alibe: likulu la National Archives of Malawi lili m'tauni mwanu momwemo. Lamulo limafuna kuti wosindikiza nyuzi kapena magazini akalembetse kumeneko ndi kumasiyako kope, choncho pitani mukafunse ndondomeko yake musanatulutse kope loyamba, ndipo musadzadumphitse n'limodzi lomwe.

Harry adayenda ndi kabuku kake nthawi yaitali asanabwereke mapaundi 50 aja. Inunso gulani kabuku sabata ino, mugawane madera atatunu, ndipo kwa miyezi itatu muzilemba gulu lililonse loyimba limene mwalipeza, amene ali m'menemo, kumene limayimba ndi amene amalilipira. Mukamaliza mundilembere, mundiuze kuti mwapeza magulu angati ndi anthu angati amene avomera kutsatsa malonda m'kope loyamba. Tikaona manambala amenewo tidzawerengera limodzi ngati muyambe ndi pepala kapena ndi foni.